Mboni ya Mabotolo a Dzuwa

Akron, Ohio
12 Epulo 1987

Okondedwa achemwali Verlie,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Doyle. Nanga chiuno chija chinasiya kukuvutitsani m'mawa? M'kalata yanu simunachitchule, ndipo ine ndimakudziwani, chimene simunatchule ndiye chimene chikupweteka. Kuno ine ndili bwino. Bondo limadandaula ndikamakwera masitepe ndi ndowa, koma silinandigonekepo pansi ngakhale tsiku limodzi.

Kalata yanu ndinailandira kumayambiriro kwa Malichi. Pepani ndachedwa kuyankha. Munandifunsa ngati chaka chino ndibwera pa tsiku lolambula manda, komanso ngati alipo amene adzanene nkhani ija ankainena malemu mkazi wanga Ardith tikamadzadya pansi pa mitengo, poti chaka chatha, choyamba iye kulibe, anthu anangodya mwakachetechete n'kubalalika dzuwa likadali pamutu. Yankho ndinalibe. Kalatayo inakhala pamwamba pa firiji milungu isanu. Tsopano yankho ndili nalo, koma ndiloleni ndiyambire kumene linachokera, chifukwa ndikangolinena lokha mudzati mlongo wanu wayamba kumwa.

Nkhani za kuno ndi zochepa. Chipale chofewa chinatha sabata yoyamba ya mwezi uno, misewu yatsala maenje okhaokha. Fakitale ina ya matayala yatseka, ndipo mabanja awiri a kwathu kumapiri amene ndinkapemphera nawo alongedza katundu, abwerera. Mwana wanga Rhonda amaimba foni Lamlungu lililonse kuchokera ku Columbus. Akuti mwana wake wayamba kuyenda, amagwirira makutu a galu. Ndafesa tomato m'zitini pawindo la kukhitchini monga ankachitira mayi ake a Rhonda. Wamera, koma ndi wamtali ndi woonda, sindikudziwa chimene ndalakwitsa.

Ntchito ndi yomwe ija pasukulu, kusesa, kukolopa ndi kuyang'anira makina otenthetsa zipinda. Chaka chino kunabwera mphunzitsi watsopano wa ana a zaka khumi ndi ziwiri, a Novak, mtsikana wa ku Cleveland, wamng'ono kwa Rhonda. Ndi munthu wabwino. Ana akaweruka amakweza mipando pamadesiki kuti ine ndisavutike posesa, chinthu chimene ena akhala pasukulupo zaka makumi awiri osachiganizirapo.

Mwezi wathawu ankaphunzitsa nkhani zokokomeza za m'mabuku akale a dziko lino, zija za anthu odula mitengo ndi oyendetsa zombo pamitsinje, zimene ifenso tinawerengako tisanasiye sukulu. Ine ndinkakolopa m'khonde, chitseko chili chotsegula. Mwana mmodzi ankawerenga mokweza, enawo atagwira mapensulo ofiira. Akafika pamene wolemba wakokomeza, onse alembe mzere kunsi. Akafika pamene wayerekeza chinthu ndi chinzake, azungulize. Bolodi linagawidwa pakati, kumanzere zotheka, kumanja zosatheka. Achemwali, nkhaniyo inali yoseketsa, koma m'chipindamo munali zii ngati podikirira dokotala wa mano. Kenako mtsikana wina dzina lake Latrice anakweza mkono. Anafunsa kuti n'chifukwa chiyani iye akanama kunyumba amamuletsa kuonera kanema sabata yonse, pamene bambo uyu ananama buku lathunthu ndipo boma linagula mabuku makumi atatu.

Ana ataweruka ndinalowa kukatenga zinyalala, ndinawapeza a Novak atagwira mutu. Anandifunsa ngati ndinamva. Ndinati ndinamva. Ndikanangotenga zinyalala zanga n'kutuluka, monga ndakhala ndikuchitira ndi aliyense chichokereni Ardith. Koma pakamwa panatseguka pokha. Ndinati kwathu nkhani zoterezi sitizimvera ndi pensulo, pamakhala anthu awiri, wonena ndi mboni. Anafunsa kuti mboni ya chiyani poti ndi bodza. Ndinawafotokozera zimene inu mumazidziwa kale, kuti wonena saseka, mboni siseka, ndipo ntchito ya mboni si kuvomereza ayi, ndi kuchepetsako pang'ono. Wonena akati nsomba inalemera mapaundi zana, mboni imakwiya, imati usanamize anthu iwe, anaperewera atatu, sikelo ndinagwira ndine. Anthu akaona kuti mukukanganirana mapaundi atatu, amaiwala kufunsa za enawo.

Kenako anandipempha kuti ndibwere Lachisanu ndidzawauze ana nkhani imodzi ya kwathu. Ndinakana. Mawa lake anapemphanso, ndinakananso. Kachitatu ndinavomera. Ndinaganiza kuti nkhani ya mabotolo ndaimva zaka makumi atatu ndi chimodzi, pamanda chaka chilichonse, pamaukwati, ngakhale m'chipatala pamene Ardith ankaiuza anamwino ali ndi mapaipi m'mphuno. Ndinati munthu sungalephere kunena chinthu chimene wachimva kochuluka chotero.

Ndikudziwa mukuikumbukira, komabe ndiilembe pano, chifukwa chake muchiona. Chigwa cha kwawo kwa Ardith n'chopanikizika kwambiri moti dzuwa limafikamo leveni koloko n'kuchokamo wani koloko, ndipo nyengo yozizira silifikamo n'komwe. Ndiye chaka chimene ndinkamufunsira, apongozi anga malemu Mayi Stidham atatha kuika nyemba ndi mapichesi m'mabotolo, anaona kuti mabotolo atsala ambiri. Anakwera nawo pamwamba pa phiri mu Ogasiti, n'kumatunga dzuwa la masana, kutseka zivindikiro likadali lotentha. Mabotolo mazana anayi. Mu Januwale, pakati pa nyengo yozizira, ankatsegula limodzi pa tsiku, loumitsira zovala ndiponso kuti nkhuku zidziwe kuti kwacha. Koma limodzi silinatsekeke bwino, linasasa, n'kuphulika m'chipinda chapansi. Mbatata zinaphuka ndi kuchita maluwa tsiku lomwelo, njoka zinadzuka poyesa ndi Juni, nyengo yotentha, apongozi aamuna anapsa msana wonse ali m'bulangeti, ndipo tambala analira kasanu ndi kawiri tsiku limodzi mpaka mawu anatha, chaka chonse ankangonong'oneza.

Lachisanu lija ndinavala malaya anga a kutchalitchi. A Novak anandiikira mpando kutsogolo, koma ndinasankha kuimirira. Ndinayamba bwino. Ndinanena za chigwa, ndinanena kuti dzuwa limachokamo wani koloko, kenako ndinaima. Sindinadziwe chimene ndaimira. Ana anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana. Ndinapitiriza, ndinakwera phiri ndi apongozi, ndinati mabotolo mazana anayi, ndinaimanso.

Apa m'pamene ndinazindikira. Pamalo amenewa Ardith ankaima. Sankanditembenukira n'komwe, ankangopendeketsa mutu pang'ono, ndipo ine ndinkalowapo, kuti ayi, sanakwane mazana anayi, awiri anasweka potsika phiri, magalasi ndinasesa ndine. Nkhaniyo ndinaiphunzira pamodzi ndi mipata yake. Ndinaima pamaso pa ana makumi atatu kudikira munthu woti anditsutse, ndipo munthuyo ndinali ine ndemwe.

Zotsalazo ndinazinena ngati munthu wowerenga malangizo a pa botolo la mankhwala. Tambala sindinamutchule n'komwe. Ana anaomba m'manja chifukwa anauzidwa kutero. Latrice anafunsa kuti zimenezi azilembe mbali iti ya bolodi. Ndinati kuli paipi ikudontha kuchimbudzi cha anyamata, ndinatuluka. Paipi yodontha kunalibe. Ndinakakhala kuchipinda cha makina mpaka belu lomaliza.

A Cleophus Tate ndinakuuzanipo za iwo, dalaivala wa basi ya sukulu uja wa ku Alabama, amene amabwera kuchipinda cha makina m'mawa uliwonse akatsitsa ana, kudzamwa khofi wanga n'kumamunyoza. Ndi amene ananyamula nawo bokosi la maliro kulikweza m'galimoto pamene tinkabwera ndi Ardith kwathu. Lolemba analowa akuseka asanatseke chitseko.

“Mdala wa kumapiri, ndamva mbiri yako,” anatero. “Wawachita chiyani ana anga? Tsiku lililonse amandiboola makutu, koma Lachisanu anakwera basi ali phee. Ndinayesa kwagwa maliro.”

Atangonena mawu omalizawo anayang'ana m'kapu mwawo. Ine ndinati palibe kanthu, khalani pansi. Ndipo sindikudziwa chifukwa chake, ndinawauza zonse, za mipata ija, za kupendeketsa mutu kuja. Anamvetsera osadula. Atatha khofi anati khofi wanga akuipirabe chaka ndi chaka, ndipo tsiku lina adzamutengera kugalaja akathire mu injini. Anavala chipewa n'kutuluka. Ndinayesa nkhani yathera pomwepo.

Lachiwiri a Novak anandipeza ndikusintha babu m'khonde. Anapepesa kuti anandikakamiza. Ndinati wolakwa si iwo. Anati komabe ana ena akufunsa ngati mbatata zija zinadyedwa, ndipo ngati ndingafune kubweranso khomo ndi lotsegula, ngati sindifuna sadzatchulanso. Ndili pamakwerero paja ndinaganiza kuti nkhani ya Ardith ndaigwetsa pansi pamaso pa anthu n'kuisiya pomwepo, ine amene ntchito yanga ndi kutola zimene ena agwetsa. Ndinati ndibwera Lachinayi.

Lachinayi ndinapita ndi zovala za ntchito. Ndinalonjeza mumtima kuti sindiima paliponse, ndingodutsa. Pa wani koloko paja ndinadutsadi. Koma nditati mabotolo mazana anayi, pakamwa panatsekeka pokha monga kale. Kenako mawu anachokera pakhomo.

“Bodza limenelo.”

Anali a Cleophus, atatsamira chitseko, makiyi a basi ali m'manja. Anauza a Novak kuti angobwera kudzafunsa mwini wa chipewa chimene chatsala m'basi, koma sangaime chete munthu akunamiza ana.

“Mabotolo aja anali zikwi zinayi,” anatero. “Ndinawanyamula ndine pa basi, maulendo asanu ndi umodzi, ndipo matayala anasungunuka kawiri.”

Achemwali, anabwera kudzandithandiza, koma anaigwira chozondoka. Ndinamva pambuyo pake kuti kwawo wina akanama, mnzake sachepetsa, amaonjezera pamwamba, winayo aonjezerenso, mpaka mmodzi agonje. Iwo anayesa mboni ndi imeneyo. Koma ine panthawiyo sindinaganize za Alabama. Ndinangomva munthu akuononga nkhani ya Ardith, ndipo ndinapsa mtima zenizeni, mtima umene ndinali ndisanapse chaka chonse.

Ndinati, “Achimwene, musaname pamaso pa ana. Anali mazana anayi, ndiponso osakwana. Awiri anasweka potsika phiri, magalasi ndinasesa ndine.”

“Unasesa iwe?” anatero. “Iwe amene kuseri kwa piyano kuli fumbi la nthawi ya nkhondo?”

Ana anaseka koyamba. Ine sindinaseke, ndinalibe choseka. Ndinati kumene kuja basi singafike, msewu wake ngakhale bulu amatsika chafutambuyo, ndipo ngati sakudziwa nkhani akhale chete amve. Ndinapitiriza ndili wokwiya choncho, ndipo mawu ankabwera okha. Nditati apongozi anapsa msana, a Cleophus anati anapsa mpaka anawala, anthu ankawerenga nyuzipepala pafupi nawo. Ndinati ayi, inali mbali ya kumanzere yokha poti ankagona chammbali, ndipo mafuta ndinawapaka ndine. Nditafika pa tambala, iwo anati analira ka zana, mpaka atambala a ku Kentucky anamuyankha. Ndinati ngakhale kasanu ndi kawiri kamene anthu amanena n'kokokomeza, analira kasanu, kawiri kotsalako kanali chifuwa chabe. Iwo akakweza, ine ndinkatsitsa, ndipo pakati pa kukangana kumeneko nkhani inkayenda. Ndinapezeka ndikugwira ntchito ya Ardith ndi yanga yomwe nthawi imodzi.

Mapensulo ofiira anali atagona pamadesiki. Mnyamata wina anafunsa, nkhope ili gwa, ngati potsegula botolo munthu ankatsinzina. Ndinati apongozi ankavala chipewa cha kumunda ndi kutsegulira kumbali. Wina anafunsa ngati dzuwa la m'mawa likanatheka kusunga. Ndinati anayesapo, koma ndi lamadzimadzi, silichedwa kuchita nkhungu. Zimenezi Ardith sananenepo, zinangotuluka. Latrice anafunsa kuti dzuwa losasa limanunkha bwanji. A Cleophus anati ngati masokosi a mdala uyu. Ine ndinati ngati udzu wodula kumene umene mvula yaupeza usanaume. Ndinaona a Novak akutembenuka mwakachetechete, kulemba mawu angawo pabolodi, n'kuwazunguliza. Ana anaona, ndipo wina kumbuyo anati aa, kani kuyerekeza kuja n'kumeneku.

Nditamaliza panalibe woomba m'manja, onse ankalankhula nthawi imodzi, ena ali mbali ya a Cleophus, ena mbali yanga. Kenako Latrice anakwezanso mkono. Mwana ameneyu adzakhala loya kapena wapolisi. Anafunsa kuti nkhaniyi ndinaimva kwa ndani.

Ndinati kwa mkazi wanga Ardith, ndiye mwini wake, ine ndinali mboni chabe. Dzina lake ndinali ndisanalitchule mokweza pasukulu paja kwa miyezi khumi ndi inayi.

Anati nanga bwanji osabwera naye kuti adzanene yekha, ali kuti?

Ndinati ali kwathu, pamwamba pa phiri, pamene dzuwa limayambira kufika m'mawa.

Ana anayesa ndi mbali ya nkhani. Ena anatembenukira kukhomo kudikira kuti a Cleophus aonjezera chiyani. A Cleophus anayang'ana makiyi awo, kenako anati pamenepo ndiye mdalayu wanena zoona, iwo alibe choonjezera. Belu linalira.

Mawa lake kuchipinda cha makina ndinawauza kuti ndi mboni yoipa kuposa zonse zimene ndinaonapo, woweruza akanawatsekera. Anati kwawo munthu wonama ndi mabotolo mazana anayi okha amamutuma kukatunga madzi akuluakulu akamacheza. Tinakangana mpaka khofi anazizira. Sindinawathokoze, ndipo akanakhumudwa ndikanatero. Ndinangogula khofi wabwinoko sabata yotsatira. Anati waipa kuposa woyamba.

A Novak tsopano mabuku akale aja amawerengetsa ana awiriawiri, wina kuwerenga, wina kutsutsa, ndipo mizere yofiira amalemba pambuyo, ana atatha kuseka. Anawapatsanso ntchito yopeka nkhani zawo, aliyense ndi mboni yake. Ndiye masiku ano sindikolopa mwamtendere, amanditsata m'khonde ndi mapepala kuti ndiweruze. Ambiri amakokomeza mopanda mutu, chilichonse mamiliyoni, ndipo ndimawauza kuti abweze pansi, atchule tsiku, atchule mtundu wa chivindikiro. Koma awiri ena analemba za basi ya sukulu imene imayenda pang'onopang'ono kwambiri moti mnyamata anakwera ali ndi mano a mkaka n'kutsika ali ndi ndevu. Mboni yake inati si ndevu zonse ayi, za pamlomo zokha, lezala anamubwereka ndi iye. A Novak anaipachika pakhoma. A Cleophus akuti akasuma.

Tsopano ndiyankhe mafunso anu.

Choyamba ndivomere kanthu. Chaka chatha ndinakulemberani kuti galimoto yawonongeka. Galimoto inalibe vuto. Ndinathira mafuta, ndinaika maluwa kumpando wakumbuyo, ndinayenda mpaka pa mlatho wa mtsinje wa Ohio, n'kubwerera. Manda sindinkawaopa. Ndinkaopa nthawi ija mbale zikatha, a Doyle akayatsa kaliwo wawo, anthu n'kuyamba kuyang'ana kumene Ardith ankakhala. Ndikuganiza kuti munadziwa, ndipo ndikuthokoza kuti simunafunse.

Chaka chino ndibwera. Ndapempha kale tchuthi, ndinyamuka Lachisanu la sabata yomaliza ya Meyi, ndidzafika madzulo kusanade. Rhonda akuti ayesetsa kubwera ndi mwana. Khasu ndi chikwakwa ndidzabwereka kwa alamu, maluwa ndibwera nawo. Ndipo nkhani ya mabotolo ndidzainena ine. Sindidzainena ngati Ardith, mawu a tambala wonong'oneza aja sindiwatha, koma ndidzainena yonse.

Pempho langa ndi limodzi. Mudzakhale mboni yanga.

Ndikudziwa chimene munene, kuti inu ndi munthu woseka, ndipo zaka zonsezi munkayamba kugwedezeka mapewa Ardith asanakwere n'komwe phiri. Ndikudziwa. Koma a Doyle samva bwino khutu limodzi, adzatsutsa pamalo olakwika. Rhonda anali asanabadwe chaka chimenecho, anthu adzamuseka. A Cleophus anadzipereka kuti abwera pa basi, ndinawauza kuti akayerekeza ndidzatseka msewu ndi mitengo. Inu munalipo. Mayi Stidham munkawadziwa, chipinda chapansi chija munalowamo, ndipo m'banja mwathu palibe amene amatha kundiuza kuti ndalakwitsa mokoma ngati inu. Mwakhala mukuchita zimenezo kuyambira ndili ndi zaka zinayi.

Malo ake ndi anayi. Ndikati dzuwa limachoka wani koloko, inu muti ndisanyoze dziko la eni, limachoka wani koloko itapitirira ndi mphindi khumi. Ndikati mabotolo mazana anayi, inu muti awiri anasweka. Za kusesa magalasi mutenge ndinu, ndakupatsani, mungoti ine ndinali kuseri kwa nkhokwe ndi Ardith ndipo sindinaone kanthu, anthu adzakhulupirira msanga. Pamsana, mbali ya kumanzere yokha. Pa tambala, kasanu. Muzichepetsa nthawi zonse, osaonjezera, ndipo muzioneka ngati ndakunyansani. Kuseka kukakufikani, lumani tsaya mkati n'kuyang'ana nsapato za munthu wina. Ine ndinkayang'ana za a Doyle, zinandithandiza zaka makumi atatu. Muli ndi milungu isanu ndi umodzi, yesererani pa nkhuku.

Musauze anthu kuti ndidzanena. Akadziwa adzabwera atakonzeka kundimvera chisoni, ndipo nkhani imeneyi munthu sangainene pamaso pa anthu achisoni.

Mundiperekere moni kwa alamu a Doyle, muwauze kuti asagule nsapato zatsopano. Moni kwa azakhali a Zella, muwauze kuti nyemba zouma zimene anatumiza pa Khirisimasi ndinaphika ndi chigumu monga analamulira, zinandikwanira masiku anayi. Moni kwa adzukulu anu onse, kwa alamu anga a Burl Stidham ndi banja lawo, ndiponso kwa abusa ngati akadali omwe aja. Ngati mukudziwa chimene chimaondetsa tomato pawindo, mundilembere.

Chomaliza, achemwali. N'kutheka kuti pena pake ndidzaima nthawi yaitali kuposa mpata wake, mwina pamalo pamene sindinakulembereni. Zikadzatero musadzadzuke, musadzandigwire paphewa, musadzanene kuti basi zakwana. Mudzangopeza chilichonse chimene ndanena, kaya tsiku, kaya mtundu wa tambala, n'kundiuza mokweza pamaso pa onse kuti ndanama. Ndikakwiya ndimapitiriza.

Ndine mlongo wanu,
Hershel